Kapitawo wa Msewu mu Ofesi ya Makompyuta

Ndivomereze ndekha poyambirira pomwe, musanakamve kwa anthu okometsera nkhani. Ine, munthu wa imvi, ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu amene wakhala phee, dzanja lili pachibwano, sakugwira ntchito. Kwa ine ntchito inali chinthu chomveka ndi makutu. Ikapanda kumveka, ioneke, ndipo ikaoneka itheke kuyezedwa ndi chingwe. Musafulumire kuseka, chifukwa chikhulupiriro chimenechi chinalera ana anga onse asanu ndi mmodzi chisanandigwetse.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Si kuti mutu unali wouma ayi, aphunzitsi ndi amene ankavutika kundimvetsa. Nditachoka kumeneko ndinalowa ntchito ya msewu, ndipo posakhalitsa anandipatsa ukapitawo, kuyang'anira anthu okumba ngalande. M'mawa ndinkatambasula chingwe, kukhoma zikhomo, n'kumuuza munthu aliyense kuti ndime yako ndi iyi, ukamaliza uweruke. Waulesi ankaonekera patali, atatsamira mpini. Zipani zambiri zitabwera kunabweranso makontilakita ndi makina awo, ife a chingwe anatithokoza, ndipo ndinabwerera kwathu cha ku Biriwiri kukalima mbatata ya kachewere ndi amayi a kunyumba.

Patapita zaka zambiri, muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera kuchokera ku Blantyre ndi maphunziro ake a makompyuta n'kutsegula kampani pa boma pa Ntcheu. Kampani yake inali nyumba ya lendi ya zipinda zitatu kuseri kwa golosale, antchito asanu ndi mmodzi, ndi jenereta yotsokomola. Ankapanga pulogalamu ya pa foni yothandiza alimi a kachewere ndi kabichi kuti azipangana lole imodzi yonyamula katundu wawo, m'malo moti aliyense aziima pamsewu ndi matumba ake n'kumakupiza dzanja. Ine anandilemba kuti ndizisunga makiyi, kugula mafuta a jenereta nthawi ya kuzimazima kwa magetsi ija, ndi kuyankha mwininyumba akabwera ndi madandaulo ake. Ntchito imeneyo ndinkaitha bwino, ndipo ndikanakhala wanzeru ndikanafera pomwepo.

Ndiye muphwa wangayo anaitanidwa ku maphunziro kunja kwa dziko kwa miyezi iwiri. Tsiku lonyamuka anandikokera pakhonde. Anati palibe chovuta, aliyense akudziwa chochita, ine ndingoona kuti magetsi alipo, tiyi alipo, ndipo anthu asakangane. Kenaka anatsitsa mawu n'kundilozera ndi maso mtsikana amene ankakhala pawindo, wa ku Kasinje.

"Amalume, chinthu chimodzi chokha. Uyo musamukhumudwitse. Kampani ino yaima pa iyeyo. Makampani a ku Lilongwe amamuimbira foni mwezi uliwonse kumufuna, akukhala kuno chifukwa cha mayi ake amene akudwala. Akachoka, tagwa."

Ndinamuyankha kuti apite ndi mtima umodzi, anthu ndinayamba kuwayang'anira iye asanabadwe. Mawa lake ndinabwera nditavala tayi.

Sabata yoyamba ndinasauka nayo. Mu ofesimo munali zii ngati m'tchalitchi Lachiwiri. Mtsikana wa ku Kasinje uja ankatha ola lathunthu akuyang'ana phiri pawindo, akutafuna chivindikiro cha bolopeni. Akatopa ankajambula timabokosi ndi mivi papepala, n'kugogoda kompyuta pang'ono ngati nkhuku yokhuta, basi n'kubwereranso kuphiri kuja. Ndinkadzifunsa kuti kodi ameneyu ndiye mzati wa kampani? Koma kunali mkulu wina wandevu pakona, ameneyo ndiye ankandisangalatsa. Akayamba kumenya mabatani munkangoti matalala akugwa pa malata. Ndinkati ndikamumva mtima unkakhala m'malo.

Tsiku lina nditaima kumbuyo kwake ndinaona manambala akutsika m'mbali mwa galasi la kompyuta, wani, thuu, filii, mpaka pansi. Nditafunsa, wandevuyo anati ndi manambala owerengera mizere imene munthu walemba. Ndinafunsanso ngati nambalayo imakwera munthu akalemba zambiri, iye anati eya, madala. Anthuni, mtima wanga unavina ngoma popanda chishango. Chingwe changa chija ndinali nditachipeza, azungu anachibisa m'kati mwa makina.

Ndinapita kwa kalipentala kukapangitsa bolodi, ndinagula choko, ndinakhoma pakhoma moyang'anizana ndi chitseko. Lolemba m'mawa ndinaitanitsa msonkhano n'kulengeza kuti kuyambira lero aliyense ndime yake ndi mizere mazana awiri patsiku. M'mawa ndizidutsa kulemba nambala imene wayambira, madzulo kulemba imene walekezera. Wopambana sabata imeneyo azikhalira mpando wozungulira wa bwana. Mmodzi mwa anyamatawo anakweza dzanja kuti afotokoze kuti ntchito imeneyi siyenda choncho. Ndinamulola kunena mawu ngati asanu, kenaka ndinamuuza kuti ngakhale pamsewu, tsiku loyamba la ndime aulesi ndiwo ankakhala ndi mafunso ambiri. Anatsitsa dzanja. Mtsikana wa pawindo anangondiyang'ana, ndipo ine ndinawerenga kuti wagwirizana nazo.

Tsono ndikuuzeni mmene mu ofesi muja munalili ndisanakhome bolodi, chifukwa nthawi imeneyo sindinkaziona. Mmodzi zikamukanika ankangoti anzanga tabwerani, onse n'kukokera mipando pa kompyuta yake, kulozerana, kutsutsana, mpaka wina n'kuwomba m'manja. Kawirikawiri womasula mfundoyo ankakhala mtsikana uja, ndi mawu awiri atatu. Masana ankapita limodzi pachiwaya kukadya tchipisi, pobwera akuseka za mpira. Ine zonsezi ndinkaziona ngati kutaya nthawi.

Bolodi itangokhazikika, mipando inasiya kukokedwa. Ndani angasiye ndime yake kukathandiza mnzake kukweza nambala? Aliyense anaweramira pake. Ku chiwaya anayamba kupita mmodzimmodzi, ena osapita n'komwe. Mnyamata anakweza dzanja uja anayamba kudwala mutu Lolemba lililonse. Pa tiyi munthu ankangomva supuni. Koma mabatani ankalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo ine ndinkayendayenda manja kumbuyo, kumanena mumtima kuti muphwa wanga akadzabwera adzandigulira jekete. Kunyumba ndinkawauza amayi kuti ana aja ndawawongola. Iwo ankangoti mmm, akusankha mbewu ya kachewere.

Wandevu uja anakhalira mpando wozungulira masabata atatu otsatizana. Mizere mazana asanu, tsiku lina mazana asanu ndi awiri. Ndinadzamva pambuyo pake kuti chinthu chimodzi ankachilemba kakhumi, ndipo akatopa ankangodina batani lalikulu lija lotsitsa mzere, makina n'kumawerenga malo opanda kanthu. Sindimuda ayi. Munthu ukamuuza kuti chakudya chili pa nambala, amalima nambala.

Mtsikana wa ku Kasinje yekha ndiye ankandiwonongera bolodi. Lero makumi atatu, mawa khumi ndi iwiri, mkuja ziro. Mawu a muphwa wanga ndinkawakumbukira, choncho ndinkangotsokomola ndikafika pa iye n'kulemba nambalayo ndi choko chofiira. Ndiye linafika Lachinayi lina. Madzulo nditawerama pa kompyuta yake ndinapeza nambala yatsika kuposa ya m'mawa, ndi mizere mazana asanu ndi limodzi. Ndinapukuta magalasi. Ndinawerengera katatu kuseri kwa envulopu. Munthu wabwera m'mawa, wamwa tiyi wa kampani, wakhala tsiku lonse, n'kusiya ntchito yochepa kuposa imene anaipeza. Pa moyo wanga wonse wa pamsewu ndinali ndisanaonepo munthu wokwirira ngalande imene anzake akumba.

Ndinagogoda patebulo kuti onse asiye zimene akuchita. Apa ndiye pamene cholembera changa chikufuna kuthawa, koma ndilemba. Ndinamuimiritsa pamaso pa anzake asanu aja. Nthawi yonseyi ndinkamuitana kuti inu, koma tsiku limenelo ulemu ndinausiya m'thumba.

"Iwe, tauza anzakowa. Kodi unabwera kudzagwira ntchito kapena kudzaona phiri? Anzako akumanga, iwe ukugumula. Ngati kwanu kuchigwa kulibe mapiri, unene, tikujambulire chithunzi ukapachike kunyumba."

Ndinayembekeza kuti wina aseka, chifukwa ine nthabwala zanga sizigwa pansi. Palibe anaseka. Mtsikanayo anayankha mofatsa, akuyang'ana pepala lake la timabokosi. Anati mafoni a alimi ndi ang'onoang'ono, ndipo m'mapiri a kwathu ku Biriwiri netiweki imabwera mozemba. Pulogalamuyo inali italemera ngati njinga yosenza matumba anayi pachitunda, mlimi akaitsegula imangozungulira osatseguka. Masabata atatu onsewo iye ankafufuza katundu wosafunika woti atsitse, ndipo lero ndi pamene wamupeza. Zinali zomveka, ngakhale kwa munthu wa Sitandade 5. Ndikuganiza kuti penapake m'kati mwanga ndinamva. Koma anthu asanu anali akundiyang'ana, tayi ili pakhosi, bolodi ili kumbuyo kwanga.

Ndinamuuza kuti mizere yonse imene wafufuta aibwezere asanaweruke, umodzi usasowe. Ndinauzanso wandevu kuti andithandize kunyamula tebulo lake kulichotsa pawindo, tikaliike moyang'ana khoma.

"Chabwino, bambo," anatero. Basi.

Kubwezerako sikunamutengere ngakhale mphindi khumi. Ndiye poti nambala yake inakwera ndi mazana asanu ndi limodzi nthawi imodzi, ine ndi nzeru zanga ndinamulemba pamwamba pa bolodi kuti ndiye wopambana tsiku limenelo. Ndinawomba m'manja, ndinalamula kuti onse awombe. Anawomba ngati anthu akuphera udzudzu pamaliro. Ndinamukankhira mpando wozungulira kuti aone kuti ndilibe naye chifukwa. Anathokoza, koma sanaukhalire.

Masabata awiri otsatira ankafika nthawi yake, kuyang'ana khoma, kulemba mizere mazana awiri ndendende, osapitirira ngakhale umodzi, faifi koloko ikakwana n'kunyamula kachikwama kake. Ine ndinkati mankhwala agwira. Lachisanu lina ndinapeza kalata patebulo panga. Inali yaifupi, yaulemu, yothokoza kampani. Ndinaiponya mu dilowa. Pamsewu anthu ankasiya ntchito Lachisanu lililonse, Lolemba n'kuwapeza ali pamzere ndi makasu awo. Lolemba linafika, tebulo loyang'ana khoma lija linali lopanda munthu. Lachiwiri chimodzimodzi.

Nthawi yomweyo kwathu kunayamba kung'ung'udza. Inali nyengo yokumba kachewere. Ndikatsika minibasi madzulo, anansi ankandizungulira ndi mafoni awo kundionetsa kanthu kozungulirazungulira pagalasi. Malole sankabwera chifukwa palibe ankatha kupangana nawo. Matumba ankagona pamsewu masiku anayi, kachewere n'kuyamba kubiriwira. Ena mwa matumbawo anali a m'nyumba mwanga momwe. Ndinkawauza anthu kuti ndi vuto la netiweki, akafunse a kampani ya mafoni.

Muphwa wanga atabwera sanafikire kunyumba, anachokera pa depoti ndi chikwama chake mpaka mu ofesi. Anaima patsogolo pa bolodi nthawi yaitali, akuwerenga. Ine ndinali pambali pake, ndikudikira jekete. Anatembenuka n'kuyang'ana pawindo, kenaka pa tebulo lopanda munthu. Anafunsa kuti mtsikana uja ali kuti. Ndinatsegula dilowa. Anawerenga kalatayo kawiri, ndipo mnyamata wa mutu wa Lolemba uja anamufotokozera zotsalazo ine ndili pomwepo, osawonjezera kanthu, poti panalibe chofunika kuwonjezera. Akanandikalipira bwenzi zili bwino, ndikanapeza poyambira kudziteteza. Koma mwana amene ndinamunyamulapo paphewa anangokhala pansi n'kugwira kumaso.

"Amalume, ndinakupemphani chinthu chimodzi chokha."

Ndinamuuza kuti asadandaule, ndipita ndekha ku Kasinje ndikabwera naye. Pakamwa panga panandipulumutsa kwa akuluakulu a msewu, kwa apolisi a pa malire, ngakhale kwa apongozi anga, ndiye kamtsikana kangandikanike? Mukuona kuti ngakhale pamenepo ndinali ndisanaphunzire kanthu.

Loweruka ndinakwera njinga yamoto kutsika phiri, jekete yakale ndi tayi zili m'thupi. Kuchigwa kunali kutentha koti munthu wa kumapiri amasungunuka. Nditafunsira pafupi ndi chipatala anandilozera nyumba ya njerwa zosawotcha, pabwalo atayanika mpunga pa mphasa. Pakhonde panali mayi wachikulire, miyendo yotupa ataitambasula, ndodo ili pambali. Nditanena kuti ndachokera ku kampani ya pa boma, nkhope yawo inawala. Anati ndiye ndinu amalume a bwana aja, mwana wanga amakutchulani, akuti mumafika m'mawa kuposa aliyense. Anaitanitsa mpando, anaitanitsa madzi. Ndinazindikira pomwepo kuti mwana wawoyo sanawauze kalikonse.

Mtsikanayo anatuluka atavala chitenje, anagwada n'kundipatsa moni ngati palibe chinachitika. Asanakhale n'komwe, mayi aja anayamba kundidandaulira. Anati Mulungu ndiye wanditumiza, chifukwa mwanayu wangoti mwadzidzidzi akupita ku Lilongwe, chifukwa chake sakunena. Pa boma ankabwera Loweruka lililonse, kuwaperekeza kuchipatala, kuwatengera mankhwala. Nanga ku Lilongwe azibwera kangati? Anandipempha kuti ine monga munthu wamkulu, amenenso mwanayo amandilemekeza, ndimulankhule.

Tinapita pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa mphasa zija. Ndinayamba ndi nthabwala ya njinga yamoto, mmene inanditsitsira phiri ngati thumba la makala. Anandidikira mpaka nditamaliza. Ndinati bolodi ija tachotsa, tebulo labwerera pawindo, bwana akuti malipiro akhoza kukambirana. Ndinatinso akuluakulu nthawi zina timalakwitsa, koma mawuwo ndinawanena mothamanga, ndikuyang'ana nkhuku. Iye ankathyola kamtengo tizidutswatizidutswa.

"Bambo, za phiri zija sindinazisunge, akuluakulu amalankhula. Chimene chinandipweteka n'choti ndinakufotokozerani, munamva, n'kundiuzabe kuti ndibwezere. Ndinabwezera ndikudziwa kuti alimi avutika. Usiku umenewo ndinadzida ndekha. Sindikufuna kudzagwiranso ntchito pamalo poti ndingachite zimenezo kawiri."

Ndinafunsa ngati palibe njira. Anati anasayina kale, akuyamba Lolemba. Mizere yoyenera kuchotsa anailemba papepala, ali nalo m'nyumba, ndikampatse bwana kuti alimi asapitirire kuvutika. Za mayi ake, anapangana ndi mayi wina wa kutchalitchi kuti aziwaperekeza kuchipatala, iye azibwera pakutha pa mwezi. Ananena zimenezi akuyang'ana kukhonde kuja.

Titabwerera pakhonde mayi aja anandiyang'ana ndi chiyembekezo, n'kufunsa ngati ndamutha. Apa ndiye panali poti ndivule chipewa ndinene kuti mayi, wothamangitsa mwana wanu ndine. Mawuwo anafika pakhosi, ndinawamva. Koma chimene chinatuluka n'china.

"Ndayesetsa, mayi. Koma mukudziwa ana a masiku ano, mtima wawo uli m'tauni."

Mtsikanayo anali ataima pakhomo, pepala lija lili m'manja. Anamva. Anayang'ana pansi, anabwera, anagwada n'kundipatsa pepalalo ndi manja awiri. Mayi ake anapukusa mutu n'kumuyang'ana mwana wawo mmene amayang'anira munthu amene wawakhumudwitsa. Kenaka anati mlendo wovutikira mwana wawo chonchi sangabwerere chimanjamanja, n'kumutuma yemweyo kuti andipimire mpunga. Anandipimira wabwino, wonunkhira, anamanga bwinobwino kathumbako n'kukandikwezera yekha pa njinga yamoto. Ndinalandira. Ndinathokozanso.

Pepala ndinakalisiya pa boma. Muphwa wanga anangoona nkhope yanga, sanafunse. Ndinafika kunyumba dzuwa litalowa, n'kuika kathumba kaja patebulo. Amayi anafunsa kuti kachokera kuti. Ndinkafuna kufotokoza mwa nthawi zonse, mokometsera, koma tsiku limenelo zinandikanika, ndinangonena mmene zinayendera, mpaka mawu amene ndinawauza mayi odwala aja. Anamvetsera osandidula. Atatero anatenga kathumbako n'kukakaika pafupi ndi chitseko, pambali pa nsapato zanga.

"Mpunga umenewu ine sindiphika, bambo. Mwawalanda mwana, mwawasiya akumuda mwanayo, n'kuwadyeranso mpunga? Mawa mukatuluka m'tchalitchi mutsike nawo, mukawauze mayiwo zoona nokha mwanayo asananyamuke. Ndipo tayiyo muisiye."